Kalata yotseguka kwa amene mukusunga maina, zala ndi matenda athu

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, Olemekezeka a Nduna ya Zachitetezo cha M'dziko, akuluakulu a National Registration Bureau, akuluakulu a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, komanso mabwana a ku MACRA,

Ndikupereka moni kwa nonse mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mayi wa geni. Ndimakwera basi kupita ku Johannesburg kukapikula mabulangete, nsapato ndi zodzola, n'kudzagulitsa kuno ku Limbe. Pakhomo ndimasunga mayi anga, amene akudwala shuga ndi BP, komanso ndimaperekeza m'bale wanga wina kukalandira ma ARV. Sinditchula kuti ndi ndani, ndipo zimene ndinene za iye wandilola yekha. Moyo wanga wonse uli pamzere: mzere wa pachipata cha m'malire, mzere wa kuchipatala, mzere wa kwa ejenti. Paliponse mawu oyamba ndi amodzi, "Tione ID." Ndiye wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mundilole ndiyankhule.

Chandidzutsa ndi chipisi cha pa chiwaya. Tsiku lina ndikudikira basi ndinagula chipisi kwa mnyamata wina pafupi ndi depoti, iye n'kundikulungira m'pepala monga amachitira onse. Nditadya n'kufika pansi, ndinangoona nkhope ya mtsikana ikundiyang'ana m'mafutamo. Linali fotokope la chiphaso cha unzika, kumaso ndi kumbuyo komwe. Dzina lonse, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso, zonse zikuwerengeka. M'munsi mwake mwini wake analemba ndi bolopeni nambala ya foni n'kusainira. Ndinamufunsa mnyamatayo kumene amatenga mapepalawo. Anati amagula pa kilo kwa bambo wina amene amatolera m'maofesi, ndipo anandilozera mulu pansi pa tebulo. Ndinavundukula pang'ono chabe: makalata ofunsira ntchito, mafotokope ena a ziphaso, ndi kalata imodzi ya dokotala yonena chimene munthu wina akudwala. Mnyamatayo alibe mlandu, iye amangofuna chokulungira. Koma mtsikana uja atapereka pepalalo pa windo la ofesi, ankaganiza kuti wapereka m'manja mwa anthu osamala.

Ndiyambe ndi kuyamikira, chifukwa sindine wa gulu lokana chitukuko. Mu 2017, kuyambira mwezi wa May mpaka November, anthu oposa 9 miliyoni tinakhala pamzere padzuwa, tinajambulitsa nkhope, tinadinda zala pa kamakina kaja, n'kulandira chiphaso. Mayi anga, amene moyo wawo wonse umboni wawo unali kalata ya a mfumu, anachimanga pa nsonga ya chitenje ngati ndalama. Chatithandiza kutsekula akaunti ku banki osasakasaka munthu wotichitira umboni. Mu 2018 a MACRA munatiuza kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe, osalembetsa itsekedwa, ndipo tinamvera. Kuchokera mu 2020 alimi akhala akugulira feteleza wotsika mtengo ndi chiphaso chomwechi, ndipo chisankho cha 2025 tinalembetsa nacho chomwechi. Ife mbali yathu tinachita. Zimene munapempha tinapereka, mpaka mizere ya m'zala zathu. Funso langa ndi la mbali yanu: zimene munatolerazo akuzilondera ndani?

Dandaulo langa loyamba ndi buku la pageti. Masiku ano simungalowe pa ofesi, pa sukulu yapamwamba, ngakhale pa malo ogona alendo, musanalembe m'buku lalikulu lija la mlonda. Dzina, nambala ya foni, nambala ya chiphaso, kumene mukuchokera, amene mukufuna kumuona. Bukulo limakhala chotsegula, ndiye aliyense wobwera pambuyo panu amawerenga zonse pamene akudikira bolopeni. Kwina amakulandani chiphasocho n'kuchiponya m'katoni pamodzi ndi za anthu ena, mudzatenge potuluka. Ine ndinagona pa resitihausi ina nditaphonya basi. Mawa lake usiku foni inalira, mawu a mwamuna wosamudziwa akunditchula dzina langa lonse, akuti anandiona ndipo ndinamusangalatsa. Nambala anaitenga kuti? Ndinaimitsa foniyo manja akunjenjemera, chifukwa m'buku lomwelo ndinalembanso dera limene ndimakhala. Ndani analamula kuti wogona usiku umodzi asiye mbiri yake yonse pa kauntala? Nanga bukulo likadzaza limapita kuti? Yankho ndinaliona pansi pa tebulo la chiwaya.

Lachiwiri ndi la pamsewu ndi m'malire. Amene simunakwerepo basi ya ku Joni mwina simudziwa kuti pasipoti ya munthu imadutsa m'manja angati. Kuchoka ku Blantyre timadinda ku Mwanza, kenako Zobue, timadutsa Tete, tifike ku Nyamapanda, tiwoloke Zimbabwe yonse mpaka ku Beitbridge. Maofesala a boma akayang'ana pasipoti palibe vuto, ndi ntchito yawo. Koma pakati pa ife ndi maofesalawo pamaima khamu la anthu ena: wogulitsa tikiti amene amati "nditumizireni tsamba la chithunzi pa WhatsApp", kondakitala amene amatolera mapasipoti a basi yonse m'jumbo, dobadoba amene amathamanga nayo kuti "ndikufulumizitsireni, amayi". M'foni ya mnyamata mmodzi wa pa ofesi ya basi ina ndinaona ndi maso anga zithunzi za mapasipoti zosawerengeka, akufufuza yanga pakati pa zithunzi za ukwati ndi za mpira. Foni imeneyo ikabedwa mawa, kapena akaigulitsa pa msika, tonse tapita nayo. Nthawi ya Covid zinafika poipa, chifukwa pamodzi ndi pasipoti tinkatumizanso zotsatira za kuchipatala. Mliri unatha, koma palibe anatiuza kuti zithunzi zijazi zinafufutidwa.

Pa nkhani ya mapasipoti pomwepa, mabwana, pali ngongole ya mawu imene simunatibwezere. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima. Mu February chaka chomwecho mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali alowerera makompyuta a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndipo akufuna dipo, n'kunena kuti boma silipereka. Tinaona anthu akugona panja pa maofesi, ena ntchito za kunja zikuwapita, odwala akulephera kupita kukalandira chithandizo. Patapita masabata kusindikiza kunayambiranso, ndipo tinauzidwa kuti zimene zinasokonekera zabwezeretsedwa. Zikomo. Koma ngakhale ine wa geni ndikudziwa kuti za m'kompyuta sizili ngati mbuzi, yoti ikabwerera m'khola ndiye kuti wakuba alibenso. Munthu atha kukubwezerani zanu iye atakopera kale. Kodi nkhope zathu, zala zathu, maina a makolo athu ndi midzi yathu zinaonedwa ndi ndani masabata amenewo? Zinakoperedwa kapena ayi? Amene tinali m'makompyutamo sitinalandire uthenga ngakhale umodzi wotiuza chochita. Boma lasintha, koma nthambi ndi yomweyo, mafayilo ndi omwewo, ndipo funsoli silinafe.

Tsopano ndifike kumene mtima wanga ukuwawa kwambiri, kuchipatala. A Nduna ya Zaumoyo, pano ndikhalitsapo.

Buku la kuchipatala lija, limene ena amati helefu pasipoti, ndi chinthu chabwino kwambiri. Wodwala amayenda ndi mbiri yake, dokotala wa ku Nsanje atha kuwerenga zimene analemba mnzake wa ku Karonga. Mayi anga sadziwa maina a mankhwala awo, koma bukulo limawayankhulira. Vuto lake ndi lomwelo: limayankhula kwa aliyense. Lilibe loko. Limakhala pansi pa matiresi, m'chikwama, pa windo, m'nyumba ya chipinda chimodzi mmene mumalowa apongozi, alamu ndi ana a sukulu odziwa kuwerenga. Mayi woyembekezera akapita ku sikelo n'kuyezedwa magazi, zotsatira zimalembedwa m'menemo. Zilembo zachidule zimene madokotala amaganiza kuti ndi chinsinsi chawo, kumudzi anthu anazidziwa kalekale.

M'bale wanga uja ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina. Anadwala malungo, anajomba masiku awiri. Pobwerera abwana aakazi anati, "Bweretsa buku la kuchipatala tione ngati unapitadi." Iye posafuna kuoneka wabodza anapereka. Mayiwo sanayang'ane tsamba la malungo lokha. Anatembenuza masamba chobwerera m'mbuyo, anaima pena, n'kumubwezera osanena kanthu. Sabata lomwelo anamuuza kuti asamaphikenso, azingochapa ndi kusesa panja. Pakutha pa mwezi anamuuza kuti ndalama zavuta, apume kaye. Sipanapite masiku, pa mjigo anthu anayamba kutsitsa mawu iye akafika. Madzi akatayika saoleka. Lero anasamuka dera, ndipo ali ndi mabuku awiri, lina la malungo ndi chifuwa loonetsa anthu, lina lenileni lobisa. Si iye yekha. Funsani anamwino anu, akuuzani kuti anthu a mabuku awiri ndi ambiri, ndipo ena amakwera minibasi kukalandira mankhwala kutali kuthawa kalaliki wa m'mudzi mwawo. Dokotala akalandira buku lachinyengolo amalemba mankhwala osadziwa zimene munthuyo akumwa kale. Apa chinsinsi chikasowa, chimene chimawonongeka si ulemu wokha, ndi chithandizo chomwe.

Lamulo lilipo. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la HIV ndi Edzi kumapeto kwa 2017, aphungu atachotsamo ndime zokakamiza anthu ena, kuphatikizapo antchito a m'nyumba, kuti aziyezedwa. Limaletsa kuulula za munthu popanda chilolezo chake, limaletsanso kusala. Koma abwana aakazi aja sanamukakamize kuyezetsa. Anangopempha buku. Khomo limene lamulo linatseka, bukulo linatsegula kumbuyo. Ndipo mchitidwe wopempha buku la kuchipatala ngati umboni wa kujomba uli paliponse, m'mashopu, m'mafakitale, ngakhale m'sukulu.

Pa chipatala penipenipo chinsinsi chimathera pa benchi. Pa chipatala china chimene ndimapita, kalaliki amaitana dzina lonse mokuwa, kenako amafunsira pa windo pomwepo, anthu makumi atakhala kumbuyo, "Mwezi watha simunabwere bwanji? Mankhwala munasiya?" Sindikumunyoza. Ali yekha, mzere wafika kumsewu, chipinda n'chimodzi. Koma khomo lake aliyense amalidziwa kuti ndi la chiyani, tsiku lake limadziwikanso, moti wa kabaza akakutsitsani Lachiwiri m'mawa pageti laling'ono wadziwa kale zonse. Ndinaonanso wogwira ntchito wina akujambula tsamba la wodwala pa foni yake kuti atumizire dokotala amene anali kutali. Cholinga chinali chabwino, mwina chinapulumutsa moyo. Koma chithunzicho chinatsala m'foni ya munthu, imene madzulo ana amaonerapo makatuni. Ndipo tonse tili m'magulu a WhatsApp mmene ngozi ikangochitika pamsewu, zithunzi za ovulala ali pa bedi la chipatala zimafika achibale asanauzidwe n'komwe. Amajambula ndani m'wodi?

Makompyuta a m'zipatala nawo ali ndi mafunso awo. Dziko lino linayamba msanga, pamene a Baobab Health anaika makompyuta ogwira ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo kamtepi ka mizeremizere kamene amamata pa buku lathu kanachokera kumeneko. Lero m'zipatala zambiri mayina a olandira ma ARV ali m'makompyuta. M'dziko la anthu pafupifupi 1 miliyoni amene ali ndi kachilombo, umenewu ndi mndandanda wolemera kuposa nkhokwe iliyonse ya boma. Gawo lalikulu la ntchitoyi lakhala likuyenda ndi thandizo la ku America kudzera m'mabungwe. Mu January 2025 thandizo lija litaimitsidwa mwadzidzidzi, tonse tinada nkhawa ndi mankhwala, ndipo zinali zoyenera. Ine ndinadanso nkhawa ndi china: bungwe likatseka, ogwira ntchito akachotsedwa, malaputopu ndi manambala achinsinsi olowera amabwezedwa kwa ndani? Mwini wa mndandandawu ndi unduna wanu kapena wopereka ndalama? Munthu akatsegula fayilo ya mnansi wake chifukwa cha chidwi chabe, kompyutayo imasunga dzina la wotsegulayo? Alipo amene amayang'ana?

Palinso mbali ina ya chiphaso imene imandiopsa, yoti chisanduke loko wa pakhomo la chithandizo. Nthawi ya kalembera tinkamva kuti chiphaso chithandiza kudziwa Amalawi enieni m'zipatala za m'malire, kumene abale athu a ku Mozambique ndi Zambia amabweranso. Nkhawa ya mankhwala ochepa ndikuimvetsa. Koma ine ndaona kumene njira imeneyi imathera. Ku South Africa anthu a Operation Dudula akhala akuima pa zipata za zipatala kufunsa odwala ziphaso n'kubweza obwera, Amalawi anzathu ali m'gulu la obwezedwalo, amayi ndi makanda kumsana. Nkhaniyo inafika mpaka kukhoti. Zimene timalira zikatichitikira kwa eni, tisadzazichite kwathu. Komanso amene angavutike koyamba si mlendo ayi. Ndi agogo amene chiphaso chinapita ndi madzi a namondwe Freddy mu 2023, ndi mnyamata amene wakwanitsa zaka 16 koma khadi lake silinabwere, ndi mlimi amene anapinyolitsa chiphaso kwa vendala wa feteleza chifukwa cha njala. Mayi anga omwe zala zawo zinasalala ndi khasu, kamakina kamawakana kawiri katatu kasanawavomere. Tsiku limene kadzawakaniretu, kapena netiweki ikadzathawa monga imachitira, adzabwerera opanda mankhwala a shuga?

Za mauthenga a akuba ndingodutsa, chifukwa palibe Mmalawi wa foni amene sanalandirepo "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Tinauzidwa kuti kulembetsa manambala kuthetsa zimenezi. Zikupitirira, ndipo ena amaimba akudziwa kale dzina lanu. Nambala zimene amagwiritsa ntchitozo zinalembetsedwa ndi ziphaso za anthu, mwina za anthu ngati mtsikana wa pa chipisi uja. Tsiku lina apolisi akamadzatsata nambala, adzagogoda pakhomo pa munthu wosalakwa.

Chimene chikundipweteka n'chakuti sindikupempha lamulo latsopano. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino linatipatsa kale ufulu wa chinsinsi. Mu 2024 linayamba kugwira ntchito lamulo la Data Protection Act, limene limaika za umoyo wa munthu ndi zidindo za zala m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera, limatipatsa mphamvu yofunsa zimene ena akusunga za ife ndi kukonzetsa zolakwika, ndipo linapereka ntchito yolondera kwa inu a MACRA. Pa pepala zili bwino. Koma pitani mukamufunse mlonda wa pageti, kalaliki wa pa windo, ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba pansi pa ambulera, ngati anamvapo za lamuloli. Lili m'Chingerezi, lili m'misonkhano ya m'mahotela a kunyanja. Kumene ziphaso zathu zimagwidwa ndi manja tsiku ndi tsiku silinafike. Ndinenenso mosabisa, ndi ulemu wonse: bungwe lomwe linatilamula kulembetsa manambala ndi lomwenso likuyenera kulandira madandaulo athu pa zotsatira za kulembetsako. Kuti tikukhulupirireni, mufunika kutionetsa ntchito, makamaka pamene wolakwa ndi ofesi ya boma.

Choncho ndikupempha izi, m'malo mwanga ndi mwa anzanga a pamzere:

1. A MACRA, lengezani poyera, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, pa wailesi zimene anthu amamvera, kuti ndani ali ndi mphamvu yofunsa chiphaso, ndani angochiona n'kubweza, ndipo ndani angachijambule. Mlonda aone nkhope, aone dzina, abweze. Kusunga chiphaso cha munthu m'katoni ya pageti kuthe.

2. Ofesi iliyonse, ya boma kapena ayi, imene imalandira mafotokope a ziphaso ndi makalata a dokotala, ilamulidwe kuwotcha kapena kunyenyanyenya mapepalawo ntchito yake ikatha. Wopezeka akugulitsa pa kilo alipitsidwe, ndipo dzina la ofesiyo lilengezedwe.

3. A nthambi ya zolowa ndi kutuluka, tulutsani lipoti la zimene zinachitika mu 2024. Tiuzeni ngati za ife zinakoperedwa, kumene zikusungidwa lero, ndi kampani iti imene ili ndi makiyi. Ngati panali kafukufuku, zotsatira zake ndi zathu, chifukwa nkhope zinali m'menemo ndi zathu.

4. Makampani a mabasi odutsa malire apatsidwe malamulo omveka: chimene angalembe pa mndandanda wa okwera, nthawi yochisunga, ndi kuletsa kutolera zithunzi za mapasipoti m'mafoni a antchito.

5. A Nduna ya Zaumoyo, mogwirizana ndi anzanu a zantchito ndi a zamaphunziro, letsani mabwana ndi aphunzitsi kupempha buku la kuchipatala. M'malo mwake chipatala chizipereka kapepala kakang'ono kodinda, kongonena kuti munthuyu anaonedwa tsiku lakuti ndipo apume masiku akuti, osatchula matenda. Kapepala kotere n'kotchipa kuposa ntchito imene m'bale wanga anataya. Pachikuto pa buku lililonse latsopano pasindikizidwe m'chilankhulo chathu kuti bukuli ndi la mwini wake ndi achipatala basi. Ndipo khalani pansi ndi magulu a anthu amene ali ndi kachilombo muone ngati zotsatira za magazi zikufunikadi kulembedwa mmene zikulembedwera pano. Iwo ndi amene akudziwa kumene nsapato ikuluma.

6. M'zipatala muziitana ndi manambala, mafunso azifunsidwira mkati chitseko chili chotseka. Kumene kulibe chipinda, ngakhale katani ndi kusuntha benchi mamita angapo zithandiza. Kujambula wodwala kapena fayilo yake pa foni ya munthu kukhale ndi malamulo ake, ndipo wofalitsa zithunzi za m'wodi alangidwe ndi mabungwe amene amapereka ziphaso za ntchito kwa madokotala ndi anamwino.

7. Tiuzeni mwini wa makompyuta a odwala. Wogwira ntchito aliyense akhale ndi nambala yake yolowera, osati imodzi yomata pa khoma, ndipo wodwala akhale ndi ufulu wofunsa kuti ndani anatsegula fayilo yake. Musanalumikize mafayilo a kuchipatala ndi nambala ya chiphaso cha unzika, bwerani kwa ife mutifotokozere amene adzathe kuona chiyani. Abwana, a banki, a inshuwalansi ndi apolisi opanda chilolezo cha khoti asayandikeko.

8. Lembani kalata kwa zipatala zonse kuti wodwala asabwezedwe chifukwa alibe chiphaso, chinatha masiku, kapena makina akana chala chake. Alandire chithandizo kaye, za mapepala pambuyo.

9. Pakhale nambala yaulere yoimbapo ndi munthu wolandira madandaulo pa boma lililonse, osati ku Lilongwe ndi ku Blantyre kokha. Kamodzi pachaka mutiuze madandaulo angati anabwera, angati anathetsedwa, ndi ndani analangidwa.

Zambiri mwa izi sizikufuna ngongole ya kunja. Zikufuna kalata yosainidwa, katani, machesi, ndi bwana mmodzi wolimba mtima woyamba kulanga ofesi yake yomwe.

Pepala la mtsikana uja sindinataye. Ndinayesa kuimba nambala imene analembapo kuti ndimuchenjeze, koma siikupezeka. Ndinalipukuta mafuta, ndalisunga mu envelopu m'sutikesi, ndipo sindiliika pa Facebook ngakhale anzanga ena akundiumiriza kuti ndi umboni, chifukwa kutero ndikhala ndamugulitsa kachiwiri. Ngati mmodzi wa inu mabwana angafune kuliona, ayankhe kalatayi poyera pomwe pano, anene ofesi ndi tsiku, ndidzabwera nalo ndekha. Ndikupempha chabe kuti pageti panu asadzandilembetse m'buku lija.

Ine wanu mwaulemu,

Mayi wa geni, Limbe